Katundu wa Anthu, Nkhope ya Tiyamike

Mng'ono wanga Tiyamike anamwalira m'mwezi wa Januwale, dzuwa la ku Cape Town lili pachimake. Anadwala masiku ochepa chabe, mutu ndi kuuma khosi, kenaka basi. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Claremont, iye ankaluka tsitsi pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo tinkagona chipinda chimodzi ku Mfuleni. Nditaimba foni kwathu ku Ntcheu, amayi sanachuluke mawu.

"Esinati, mwanayo anachoka kuno ali kamtsikana. Sindikudziwa kuti anakula bwanji. Ubwere naye ndidzamuone nkhope ndisanamuike. Zina zonse sindikuzifuna."

Bambo wa kumochale amene anakonza thupi anandiuza mosabisa kuti mankhwala amene anabaya ndi a ulendo wolunjika. Anati bokosi lisakhale padzuwa, ndipo tisachedwe nalo m'njira. Ndinavomera ndi mutu. Ine mantha anga anali pa mapepala a pamalire, ndipo mapepalawo anali m'chikwama, odindidwa bwinobwino.

Tsono ife a Malawi a kuno tili ndi kachitidwe kathu. Munthu akamwalira timasonkha, ndipo pamenepa sindinganene anthu zoipa. Anasonkha ndithu, ena osamudziwa n'komwe Tiyamike. Koma galimoto yonyamula maliro ndi galimotonso yopita kumudzi, ndiye aliyense amene waponya kangachepe m'mbale amakhala ndi "kakatundu kakang'ono" koti mukangokasiya pa Dedza. Umukana bwanji munthu amene wagona nawe pasiwa? M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinatuluka panja n'kupeza kakatundu kaja: firiji, matilesi, njinga, mabatire a sola, zigubu za mafuta ophikira, chitseko chachitsulo, ndi zikwama zamizeremizere zounjikana mpaka kupitirira mutu wanga. Zonsezi ankazimangirira m'ngolo yokoka kumbuyo. Bokosi la mng'ono wanga analilowetsa kumbuyo kwa pikapu, pansi pa denga lake lotsekeka limene amati kanope, ndipo m'mbali mwake anatsenderamo zikwama zina.

Mwini galimoto anali a Bonongwe, munthu amene wayenda msewu wa Joni ndi Malawi zaka zambiri, koma pa magalimoto a giya ya dzanja. Iyi anali atangoigula kumene: pikapu yoyera ya zitseko zinayi, imene kuno timati baki, ya otomatiki. Ankaipukuta ndi kansalu ngakhale pamene panalibe fumbi.

"A Bonongwe, galimotoyi yakhala pansi kumbuyoku," ndinatero.

"Sisi, musadandaule. Iyi ndi otomatiki, imadzisinthira yokha magiya. Mwendo wakumanzerewu ndaupatsa holide. Ndipo katunduyu ndiye dizilo wathu. Maliro okha sangatifikitse olo pa Musina."

Wachitatu anali a Nangozo, mayi wachikulire wa kumpingo kwathu amene anatiperekeza m'malo mwa mpingo. Iwo anadzipatsa ntchito youza malemu paliponse tafika, monga amachitira akuluakulu kuti munthu asasochere. Tikutuluka m'Mfuleni anatembenuka n'kugogoda galasi lakumbuyo. "Tiyamike, tanyamuka, tikupita kwanu." Tikudutsa Paarl anateronso. Tikulowa mumsewu woboola phiri uja anamuuza kuti asaope mdima.

Mumdima momwemo ndi mmene ndinamvera fungo koyamba, fungo la chinthu chopserera ngati nyemba zoiwalika pamoto. Ndinafunsa. A Bonongwe anati ndi mabuleki a thiraki yakutsogolo. Pa Worcester tinathira dizilo, galimoto n'kuchedwa kunyamuka ngati ikuganiza kaye, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi. A Bonongwe anakweza wailesi.

Kupitirira De Doorns, kumene kuli minda ya mphesa, msewu umayamba kukwera phiri lalitali. Chapakati pa chitundacho injini inayamba kulira kwambiri koma galimoto osathamanga. Kanyale kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Munthu wina akanaima pomwepo, koma a Bonongwe anapondabe mafuta, akulankhula ndi galimoto yawo mwaulemu. Pansi pa mapazi athu panamveka kukukuta, galimoto inagwedezeka, n'kusiyiratu kukoka. Tinayamba kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono ndi ngolo yathu yonse ija. Anakoka handibuleki, ine n'kudumpha kukatsamiritsa miyala kumatayala.

Pansi pa galimoto pankadontha zinthu zofiira, zikuyenderera pa tala. A Nangozo anagwada, anayang'ana, n'kundigwira dzanja.

"Mwanawe, awa ndi magazi."

A Bonongwe anaviika chala n'kununkhiza. "Ayi mayi, ndi oyilo wa giyabokosi. Amakhala wofiira chonchi."

"Olo akhale oyilo. Mwanayu akukana ulendo. Pali chimene simunamuuze."

Ine zimenezi sindizikhulupirira kwenikweni, koma pamalo ngati paja munthu suyamba kusankha. Ndinatsegula kanope, mpweya wotentha n'kundimenya kumaso, ndinaika dzanja pabokosi. Thabwa linali lofunda.

"Tiya, ndine. Usandichititse manyazi pamsewu wa eni. Ngati ndi mawigi ako aja, ndawatenga. Ngati ndi mwamuna wako wa ku Delft uja, anabwera, analira, anapita. Amayi akudikira. Tiye kwathu."

A Bonongwe analiza injini. Inalira bwinobwino. Anaika giya, galimoto osasuntha olo pang'ono.

Pamalopo panalibe mtengo ngakhale umodzi woti tithyole nthambi zoika pamsewu, tinangoika zigubu za mafuta a anthu kuti mathiraki atione. Patapita nthawi kunatulukira lole ya pafamu itanyamula abambo ochokera kothyola mphesa. Anamva Chichewa chathu, anatsika, ndipo atamva kuti tili ndi maliro anavula zipewa. Anali a ku Mangochi ndi ku Dedza. Mmodzi anati kwathu galimoto siigona pamsewu anthu alipo, tiikankhe igwira. Tonsefe tinakulira pa matola okankha, ndiye palibe anatsutsa. Anamasula ngolo, anatembenuza baki kuloza kumunsi, anakankha ndi mtima wonse. Itathamanga, a Bonongwe anakokera giya pa D. Kunamveka kugunda kumodzi kwamphamvu pansi, basi.

Ndiye anatimangirira chingwe kumbuyo kwa lole, ngolo kumbuyo kwathu, kutikoka kubwerera ku Worcester. A Bonongwe anazimitsa injini kuti tisawononge dizilo. Njira yonse pansi pankalira ngati chigayo chopanda chimanga, ndipo abambo aja pamwamba pa lole ankatiimbira nyimbo ya maliro. Sindidzaiwala kukoma mtima kwawo, ngakhale ndinamva pambuyo pake kuti chingwe chija n'chimene chinamaliza zimene phiri linasiya.

Pagalaji ya ku Worcester mwini wake anamvetsera nkhani yonse. Pamene a Bonongwe anafika pa zokankha ndi zokoka, bamboyo anangogwira kukamwa. Anati iye za otomatiki sakhudza, tibwerere nayo ku Cape Town, ndipo bulekidauni yonyamula galimoto pamsana ipezeka mawa.

Masana amenewo ndi amene anandipweteka kuposa onse. Pabwalo la galaji panalibe mthunzi. Tinavula zitenje, kuziviika pampopi, kuziyala pamwamba pa kanope, zikauma kuviikanso. Ndinagula matumba a ayisi pashopu ya pafilingisiteshoni n'kuwazunguliza bokosi, koma ankasungunuka ndikuwaona, madzi n'kumadontha kuchitseko chakumbuyo. Ndinakoka zikwama za anthu zimene zinatsendereza bokosi n'kuziponya pansi kuti mphepo ipite. A Nangozo ankazitola n'kumazikutumula fumbi. Tinagona m'galimoto momwemo, titakhala tsonga.

Mawa lake tinadutsanso mumsewu woboola phiri uja, titapanikizana kutsogolo kwa bulekidauni, baki ili pamsana pathu, ngolo ikutsatira. A Nangozo anatembenuka, anayang'ana kumbuyo nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Tiyamike, tabwerera pang'ono. Usakhumudwe."

Anatitsitsa ku Epping, pakati pa mafakitale, kuseri kwa msika waukulu wa zipatso, pabwalo la makaniko wina dzina lake a Banda. Iwo anabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, ndipo Chichewa chawo chimapendekera ku Chishona. Anakweza galimoto, anamasula chimbale cha pansi pa giyabokosi, n'kundiitana ine, osati a Bonongwe. Oyilo wofiira uja anali atada bii, ndipo m'katimo munkanyezimira utuchi wachitsulo.

"Amai, onani. Otomatiki imayendera oyilo uyu. Mukaisenzetsa katundu wopitirira, oyilo amawira, zam'kati zimapsa. Pamenepo ikanatha kukonzeka. Koma kuikankha? Aiwa. Kuikoka pachingwe injini itazima? Pampu siizungulira, zitsulo zimadyana zouma. Apa palibe chokonza, tifune giyabokosi ina kusikirapu, kwa magalimoto akufa."

"Masiku angati?"

"Tikaipeza, amai."

Galimoto ya kumochale inali ku maliro ena kutali, ndiye bokosi linagonanso tsiku lina m'shedi ya malata, pakati pa mainjini. Bambo wa kumochale uja atabwera kudzalitenga, analowa yekha, anakhalitsamo, n'kutuluka akupukuta manja. Sanandiyang'ane m'maso.

"Ndiwonjezera mankhwala, mayi, ndipo ndiika m'firiji. Koma firiji imangoimitsa. Siibweza."

Kuchipinda changa ku Mfuleni sikunali kutali, koma sindinapiteko. A Nangozo anati munthu amene watsanzika ndi maliro sabwerera kukagona m'nyumba asanaike. Ine chifukwa changa chinali china: ndinkadziwa kuti ndikachoka pamaso pa a Banda, galimoto yathu ikhala kumapeto kwa mzere. Choncho tinakhala pabwalopo. Madzulo aliwonse mlonda ankakhoma geti ife tili m'kati, n'kumasula galu. Kuchimbudzi tinkapita dzuwa lisanalowe. M'mawa tinkadzutsidwa ndi mathiraki a kabichi ndi anyezi opita kumsika, ndipo kupyola waya wa mpanda phiri la Cape Town linkaoneka pomwe tinalisiya. Ndinalida phiri limenelo.

Giyabokosi yoyamba imene anabwera nayo inali ya mtundu womwewo koma mabawuti sanalingane. Anaibweza. Yachiwiri inalowa, koma magetsi a galimoto anakana kugwirizana nayo, ndiye tinadikira munthu wa kompyuta amene foni yake inkangoitana. A Bonongwe anasiya kupukuta galimoto. Ankangokhala patayala lakutha, chipewa chili kumaso, ndipo ndikawayang'ana ankapita kukathandiza kugwira sipanala imene palibe anawapempha.

Foni ya kumudzi inkalira m'mawa ndi madzulo. Amalume anati anthu agona pasiwa mpaka atopa, ena abwerera kuminda. Anati bwanji ndingomuika konkuno, iwo kumudzi akwirire thunthu la nthochi, zithe. Ndisanayankhe ndinamva amayi akulanda foni.

"Esinati, muli pati?"

"Tikadali ku Cape Town, amayi."

"Nanga si munanyamuka?"

"Tinanyamuka. Galimoto inafa."

Kenaka anati, "Ine ndili pomwe pano. Sindikusuntha."

Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, geti inatseguka n'kulowa gulu la a ku Mfuleni, motsogozedwa ndi a Mwale amene anayendetsa zosonkha. Anatizungulira, anaimba, anapemphera, ndipo ndinalira chifukwa ndinali nditatopa ndi kulimba mtima. Atanena ameni, mayi wina anapita kugeti n'kubwera atasenza katoni ya TV. Kumbuyo kwake mwamuna wina akukankha wilibala yatsopano, ina ili pamwamba pake.

"Sisi Esinati," anatero mayiyo, "popeza Mulungu wakubwezani, ine tsiku lija ndinachedwa. Ndi kopepuka, kangokhala pamwamba."

Sindikumbukira kuti mpeni ndinautenga bwanji pabenchi ya a Banda. Ndikukumbukira chingwe choyamba chikuduka, ndi matilesi akutsetsereka. Ndinadula chachiwiri, chachitatu. Njinga zinagwa, chitseko chachitsulo chinalira pasimenti, galu wa mlonda n'kuyamba kuuwa. Anthu anabwerera mmbuyo.

"Sisi, dekhani," anatero a Mwale. "Anthuwa anasonkha."

"Anasonkhera maliro, kapena anagula malo m'ngolo? Mundiuze, a Mwale, ndidziwe. Mng'ono wanga wapsa ndi dzuwa pa Worcester chifukwa cha firiji ya munthu. Amayi anga akudikira nkhope, inu mukundibweretsera wilibala."

"Ndi mmene timachitira nthawi zonse. Lero ndi inu, mawa ndi wina."

"Mawa mukamwalira inu, ndidzabwera ndi mbaula yanga, adzaikhazike pamutu panu."

Mawu amenewo anali oipa, ndipo a Nangozo anandikoka chitenje. Koma a Banda anatuluka pansi pa galimoto n'kunena kuti giyabokosi imene aika ndi yakale, ikakoka ngolo imeneyo sitidutsa Laingsburg. A Bonongwe anafunsa za dizilo ali chiweramire. Ndinati ndikapempha kwa madamu anga malipiro a mtsogolo, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Claremont kukatero. Anthu anatola katundu wawo mwakachetechete. Ena mwa iwo mpaka lero tikakumana kusitolo amayang'ana mashelefu.

Munthu wa kompyuta uja atabwera, tinanyamuka kachiwiri Lachiwiri, bokosi lokha kumbuyo ndi matumba a ayisi. Tinafikanso pachitunda chija. A Bonongwe anakwera pang'onopang'ono, khutu lili pansi, ndipo titafika pamwamba anaima kuti oyilo azizire. Anachita chimodzimodzi pa chitunda chilichonse mpaka Malawi. Laingsburg, Beaufort West, Colesberg, dziko lopanda mtengo, msewu wowongoka, ife tikukwawa mathiraki akutipitirira. Pafilingisiteshoni iliyonse ndinkatsika kukagula ayisi, ndipo kwina anali atatha. Pa Bloemfontein giya inachedwa kulowa kamodzi, koma kenaka inagwira.

Kupitirira Polokwane a Nangozo anatsitsa galasi lawo, ine n'kutsitsa langa. Palibe ananena chifukwa chake. Pa Beitbridge mzere unali wautali, ndipo ngakhale a maliro amawalola kutsogola, tinaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana mapepala akuyenda m'mawindo. Munthu wina wa yunifolomu anabwera kuti aone katundu, anatsegula kanope, anatsekanso msanga n'kutikodola kuti tizipita. Masvingo, Harare, Nyamapanda. Pa Tete kunkatentha moti chitsulo cha chitseko sichinkagwirika. A Nangozo anatulutsa kabotolo ka mankhwala opaka a chimfine, anadzipaka pansi pa mphuno, n'kundipatsira osandiyang'ana. Pamlatho wa Zambezi anagogoda galasi mwaulesi. "Tiyamike, tikuwoloka madzi. Watsala pang'ono, mwanawe. Pirira."

Pamalire a Dedza mwamuna wina anathamangira galimoto yathu kufunsa za mabatire a sola amene mchimwene wake anamuuza kuti akubwera. A Bonongwe anamuyankha okha, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukalipa.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Pamsewu panali nthambi zimene masamba ake anali atauma kale. Amayi a m'mudzi anayamba kulira galimoto isanaime. Adzukulu ananyamula bokosi kulowa nalo m'nyumba, ndipo ndinaona mmodzi akutembenuzira nkhope kumbali. Ndinapempha kuti onse atuluke kaye, atsale wamkulu wa adzukulu yekha ndi ine. Anamasula zomangira, anakweza chivundikiro pang'ono. Ndinayang'ana. Ndinamuuza kuti atseke, amange zolimba.

Amayi analowa atagwiriziridwa ndi azakhali. Anali atachepa thupi, mawu atatha ndi kulira. Sanandipatse moni. Analunjika kubokosi, ndipo ine ndinaima pakati.

"Amayi, musatsegule."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andikankhe, kapena andifunse kuti ndinali kuti masiku onsewa. Anatambasula dzanja, analiika pathabwa, n'kukhala pansi pamphasa pang'onopang'ono.

"Iwe unkagona naye chipinda chimodzi?"

"Eya, amayi."

"Ndiye khala apa undiuze."

Ndinakhala pambali pawo. Ndinawauza kuti Tiya ananenepa, masaya anadzaza ngati awo. Ndinati mpata wa mano uja sunatsekeke, ndipo akaseka ankabisa kukamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anafunsa za chipsera cha pachipumi chimene anachipeza atagwa pamjigo, ndinati chinatsala kamzere kakang'ono, ankakaphimba ndi tsitsi. Anafunsa ngati anatalika kundiposa. Ndinati anandiposa, mpaka ankanditsitsira zinthu pamwamba pa kabati. Anafunsa ngati kuzizira kwa kumeneko kunamuyeretsa khungu, anafunsa za makutu ngati anaboola, za nsidze, za zala. Chala chawo chinkayenda pathabwa pamene ine ndikulankhula.

Amalume anasuzumira pakhomo n'kunena chapansipansi kuti kumanda akonzeka, ndipo dzuwa likupita.

Amayi sanatembenuke.

"Adikire," anatero. "Sindinamalize kumuona mwana wanga. Pitiriza, Esinati. Maso ake."